Mikanda ya Galimoto Yanga

Galimoto ndinagula chaka chimene fodya anatikomera. Sinali yatsopano. Inali yoyera, yazitseko zinayi, kumbuyo kwake kwakutali kolowa matumba. Mwini wake woyamba anali wa m'tauni ndipo anaisamala. Ine ndinabwera nayo kwathu ku Simlemba, kumene msewu ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja.

Zinali zaka za makuponi. Mvula ikayandikira anthu ankadzaza pa depoti kudikira feteleza wotsika mtengo. Wopeza thumba lake ankafuna chonyamulira, ndiye ine ndinkaima pambali ndi galimoto. Pamalo paja panalibe dongosolo. Njinga, ngolo, mawilibala, zonse pamodzi. Munthu akamanga thumba pa kaliyala, njinga ndi imene imamuyendetsa iye. Amadutsa pafupi ndi galimoto, handulo kwee pachitseko. "Pepani bambo," n'kumapita. Pofika Khirisimasi zitseko zinali ngati pabwalo popalasa nkhuku. Mvula italowa mokalikamo, dzimbiri linayamba.

Nthawi yomweyo maso a mayi a kunyumba anali kutha. Matenda a shuga. Anayamba ndi kunena kuti kunja kuli utsi, pomwe kunalibe wotentha tchire. Kenako ankathira tiyi pambali pa kapu. Kenako mdima.

Kwawo kunali kumpoto kwa boma lathu, kumalire, kumene amayankhula Chichewa ndi Chitumbuka pakamwa pamodzi. Ankanditchula kuti adada. Akafuna kukana ankakana m'Chitumbuka. Akati "yayi," nkhani yatha.

M'nyumba ankayenda okha. Ankadziwa khoma lililonse ndi pamene pali mpando uliwonse. Vuto linali kunja. Mwana wathu wamkazi anawagwira dzanja tsiku lina kupita nawo kutchalitchi. Pakhomo la tchalitchi anamva mayi wina akunong'ona kuti, "Kalanga ine, afika pomakokedwa." Atabwerako anakhala pakhonde nati, "Ine sindine mbuzi yopita kumsika." Mkamwini wathu anawadulira ndodo yabwino. Anaisonkhezera pamoto.

Kuyambira pamenepo sanatsikenso pakhonde. Tchalitchi anasiya. Kuchipatala, kumene ankayenera kuonekera mwezi ndi mwezi kuti awayeze ndi kuwapatsa mankhwala, anasiyanso. Ndinapita ndekha, adokotala anandibweza. Anati tikufuna wodwala, osati mwamuna wake. Miyendo inayamba kutupa. Ndinkaona ndithu kuti akapanda kukwera galimoto ija, tiwaika m'manda chimanga chisanache.

Sindine munthu wodziwa kunyengerera. Ndinanena kamodzi.

"Tiyeni kuchipatala."

"Mukandigwire dzanja pamaso pa anthu? Yayi adada."

Ndinasiya.

Malamba ndinawagula ku Kasungu, m'sitolo ya zida za galimoto. Sindinagulire mayiwo. Ndinagulira kuteteza penti. Anali malamba akuda a mphira, awiri aatali a zitseko zakutsogolo, awiri aafupi a zakumbuyo. Kuseri kwake kunali zomata zophimbidwa ndi kapepala kofiira. Wogulitsa anandilangiza. Tsukani chitseko, chiume. Mumate pamene chitseko chatuluka mimba, chifukwa njinga imayamba kugunda pamenepo. Ndipo muonetsetse, chifukwa mukamata mwamata.

Loweruka m'mawa ndinaimika galimoto pafupi ndi khonde pofuna mthunzi. Kumbuyo kwake kunatsala pang'ono kukhudza nsanamira. Ndinayamba ndi kumanja, mbali ya dalaivala. Ndinatsuka ndi sopo, ndikupukuta ndi sipiriti. Pofuna mzere wowongoka ndinazika mikangala iwiri, timitengo toyanikira fodya, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndikumanga pakati pake chingwe chosokera fodya, monga timachitira pounga mizere kumunda. Ndinasenda kapepala pang'onopang'ono, ndikutsata chingwe, ndikudinikiza ndi chikhatho.

Mayi anali pamphasa pakhonde, akumvetsera.

"Mukuichita chiyani?"

"Ndikuiveka malamba."

"Malamba a chiyani?"

Ndinatenga wina wotsala ndikuwaika m'manja. Anamusisita kuyambira nsonga mpaka nsonga, kumupinda, kumununkhiza. Kenako anaseka. Panali patapita miyezi ndisanamve kuseka kumeneko.

"Iyi ndi mikanda. Mkazi wanu wamng'ono mwamugulira mikanda. Ine wamkulu munandigulira liti?"

"Inu njinga sizikukalani."

"Mukudziwa bwanji?"

Ndinamaliza kumanja ndikupita kuchigafa cha fodya kukatenga nsanza youma. Pobwera ndinaima panjira. Mayi anali ataimirira, dzanja lina pansanamira, lina litatambasuka. Linakhudza kumbuyo kwa galimoto. Anasiya nsanamira. Anatsika pakhonde, phazi limodzi, kenako linzake. Anayenda m'mbali mwa galimoto mpaka zala zinapeza lamba wa chitseko chakumbuyo. Anamulondola. Anadumpha mpata wa pakati pa zitseko, napeza lamba wakutsogolo. Anabwerera pampata paja, nakweza dzanja, napeza chotsegulira. Anatsegula, nagwira chiwongolero.

"Apa mpanu," anatero okha. Anatseka, nabwerera njira yomweyo.

Sanadziwe kuti ndikuwaona. Ine ndinaona ziwiri. Anatsika pakhonde popanda wowagwira. Koma ankayenda atawerama ngati munthu wopalira, chifukwa lamba anali m'munsi, ndipo pofika pansanamira anali atagwira msana.

Ndinasamutsira mikangala kumanzere, mbali imene amakhala wokwera. Ndinamanga chingwe pamimba pa chitseko monga anandiuzira wogulitsa. Ndinachiyang'ana. Kenako ndinachimasula ndikuchikweza. Msinkhu wa mkazi wanga ndinkaudziwa popanda choyezera. Ndinadziwa pamene dzanja lake limafika akaima mowongoka. Panali pansi pang'ono pa zotsegulira. Pamenepo palibe handulo ya njinga kapena gudumu la ngolo limene lamba angatchinge bwino. Ndinamata pomwepo.

Sindinanene kanthu. Galimoto ndinkaiimika malo omwewo tsiku lililonse, kumbuyo pansanamira.

Lamulungu lina ndinatuluka m'nyumba ndikuwapeza ali m'galimoto, mpando wakutsogolo, atavala duku loyera, buku la nyimbo lili pamiyendo ngakhale sankaliwerenganso.

"Mukuchedwa adada."

Ndinaliza injini.

Kutchalitchi ndinkaima pakhomo lam'mbali, chitseko cha galimoto moyang'anizana ndi sitepe. M'kati mabenchi ankawadziwa. Kuchipatala ndinapempha mlonda kuti ndiziima pafupi ndi khoma, ndipo khomalo linkawafikitsa pabenchi ya odikira. Pamalo popanda khoma ine ndinkatsogola, makiyi ali m'manja, akulira. Iwo ankatsata phokosolo. Sitinakambiranepo za makiyi. Chinthu chikapanda kutchulidwa, iwo ankachilandira.

Miyendo inaphwa. Mankhwala ankamwa. Nthawi yosankha fodya anabwerera m'chigafa, ndipo ankasiyanitsa masamba ndi zala, lokhuthala uku, lopyapyala uku, long'ambika pambali. Sankalakwitsa kawirikawiri.

Galimoto ndiyo inasanduka choseketsa. Pa depoti anyamata a njinga ankaizungulira.

"Bambo, galimoto yanu yavala lamba ngati woledzera. Uku m'chiuno, uku pachifuwa."

"Kwezani thumba tizipita."

Kumanja penti anapulumuka. Kumanzere njinga zinapitiriza ntchito yawo pansi pa lamba. Makaniko wina ku Kasungu anati abweretse mpeni akonze, sadzandilipiritsa, zikumupweteka m'maso. Ndinati yang'anani kwina.

Tinayenda choncho mpaka makuponi anabweranso, napitanso.

Amene anaononga ndi mlamu wanga, mlongo wawo wamng'ono wa mayi. Anabwera kudzationa nthawi yothyola fodya. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko. Ine ndi iye tinkanyozana kuyambira kale monga amachitira alamu. Anazungulira galimoto manja ali kumbuyo.

"Alamu, munamata mutamwa? Kuno lamba ali m'mawondo, uko ali m'khwapa."

"Isiyeni."

"Kapena maso anathera nonse awiri?"

"Ndati isiyeni."

Anaima kumanzere, nayang'ana nsanamira, nayang'ana lamba, nayang'ana pansi pamene mapazi anapondaponda kanjira m'mbali mwa galimoto. Anaomba m'manja.

"Ooo! Ndaona! Mwawapangira alongo anga pogwira. Alamu muli ndi nzeru inu, sindimadziwa. Ngati mpanda wa ku dibi, ng'ombe ingotsata yokha mpaka kulowa."

Ankayamikira. Ankaseka. Mayi anali pakhonde akusenda nyemba. Manja awo anaima.

Mlamu atachoka, dzuwa lisanalowe, anatsika. Analondola lamba wakumanzere ataima mowongoka. Anazungulira kumbuyo, nafuna wakumanja pamsinkhu womwewo. Panalibe. Anatsitsa dzanja mpaka anamupeza m'munsi.

"Mudzi wonse ukudziwa?"

"Ali ndi maso."

"Kutchalitchi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiye nthawi yonseyi akhala akundionerera. Ng'ombe ya ku dibi."

"Ndi pakamwa pa mlongo wanu."

"Ndi manja anu adada."

Analowa m'nyumba.

Lamulungu ndinadikira m'galimoto mpaka belu linasiya kulira. Sanatuluke. Tsiku la kuchipatala linafika, linadutsa. Mankhwala anatha. Anapunthwa pa mwala wa pakhomo la khitchini, chala chaphazi chinachita kabala. Kabalako sikanapole. Mwana wathu ankatsuka ndi madzi amchere, akulira mwakachetechete kuti mayi ake asamve. Mwezi wina unalowa. M'nyumba munayamba kumveka fungo.

Ndinaganiza ndili kumunda. Ndikatsitsa lamba wakumanzere, ndiye kuti ndawachotsera pogwira. Ndikamusiya, sadzamukhudzanso. Panatsala njira imodzi.

Ndinachokera kumunda masana, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ndinatenthetsa madzi, ndikuthira pa malamba a kumanja kuti zomata zifewe. Ndinalowetsa chingwe kuseri kwa lamba ndikumacheka nacho. Wogulitsa uja sananame. Mukamata mwamata. Lamba ankachoka ndi penti yemwe. Guluu ndinali nditagula wa osoka nsapato, wa m'kachitini. Ndinazikanso mikangala.

Zenera la kuchipinda linali lotsegula.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikukweza a kumanja."

"Chifukwa?"

"Galimoto ndi yanga. Ndimakonda lamba wam'mwamba."

"Njinga zidzaitha."

"Zidzaithe."

Ndinatsegula kachitini.

"Mwasamba m'manja?"

"Ayi."

"Ndikumva fodya mpaka kuno. Utomoni umenewo guluu sagwira. Mawa lomwe mudzatola mikanda yanu mumsewu."

Ndinapita kukasamba. Utomoni wa fodya suchoka msanga. Ndinapala ndi mchenga. Pobwera ndinawapeza ali pagalimoto, phazi lodwala lili m'nsanza, akulipondera chidendene. Zala zinali pachitseko.

"Mwati mwatsuka apa?"

"Ndatsuka."

"Pali mchenga. Apa. Ndi apa. Maso muli nawo a chiyani?"

Ndinapukutanso. Anamvanso ndi zala, navomera. Anapezanso zomata zakale kuseri kwa lamba, nazikanda ndi chikhadabo mpaka mphira inasalala. Ndinapaka guluu pachitseko ndi palamba. Tinadikira kuti aume pang'ono. Iwo anagwira nsonga yakutsogolo, chala china chili pachingwe. Ine ndinayambira kumbuyo.

"Mwapendeketsa. Kwezani pang'ono. Basi. Dinikizani."

Anadutsamo ndi chikhatho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, monga ankawongolera tsamba la fodya pantchafu. Tinachita chitseko chinacho chimodzimodzi. Titamaliza anazungulira galimoto yonse ataima mowongoka, kumanja, kumbuyo, kumanzere.

"Tsopano mkazi wanu wamng'ono wavala mikanda pachifuwa mbali zonse. Anthu aziseka inu."

"Aziseka."

M'mawa mwake ndinawapeza m'galimoto.

Koma bala linali litalowa. Adokotala anayang'ana phazi, nandiyang'ana ine. Anachotsa chala. Kenako china. Tinkapita ndi kubwera. Ulendo uliwonse ankalowa okha m'galimoto, akutsimphina, dzanja palamba. Kutchalitchi anabwereranso. Mayi uja wonong'ona anawapatsa moni, iwo anayankha bwinobwino. Mlamu wanga anabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Anamuuza kuti nkhuku isiye, iwe uzipita, ng'ombe ikufuna kupuma. Kenako anamuitana, nadya naye.

Anakolola nafe chaka chimenecho. Fodya anamusankha ali chikhalire, mwendo uli pampando.

Chilimwe chitafika thupi linakana. Sankasunga chakudya. Mawu anachepa. Tsiku limene tinaona kuti tiyenera kupita nawo kukagonekedwa, pakhomo panadzaza anthu, achibale ndi amayi a kumpingo. Mkamwini ndi mnzake anabwera ndi bulangete kuti awanyamulire m'galimoto.

"Yayi."

Mawuwo anali aang'ono, koma anali omwe aja.

Mkamwini anandiyang'ana. Ndinati asiyeni.

Anatsata khoma mpaka pakhonde. Anagwira nsanamira. Anapuma. Anatambasula dzanja, napeza kumbuyo kwa galimoto. Kutsika sitepe kunawatengera nthawi. Anapeza lamba wakumbuyo, natsamira galimoto ndi phewa, napumanso. Anthu ambiri anayang'ana pansi. Mayi wina anayamba kusisima. Ndinamuyang'ana, anasiya. Pankangomveka nsanza ya kuphazi ikukhwekhwereza m'fumbi.

Anafika pampata, nakweza dzanja, nagwira chotsegulira. Anakoka. Sichinatseguke. Mphamvu munalibe. Anakokanso.

Ndinazungulira, ndikulowa mbali yanga ngati munthu wofuna kuliza injini. Pamene ankakoka kachitatu, ine ndinakoka chotsegulira cham'kati. Chitseko chinatseguka. Anakhala pampando, nalowetsa miyendo okha, wina kenako wina.

Mwana wathu anakhala kumbuyo ndi katundu. Tinanyamuka. Titatuluka m'mudzi, minda ya fodya ili mbuu mbali zonse, mapesi okhaokha, ndinalowetsa giya. Dzanja lawo linabwera, linafufuza, linapeza langa pamwamba pa giyayo. Linagwira.

"Ndinakumvani potsegula," anatero.

Maso anga anali pamsewu.

"Kuno kulibe otiona."

Chiyambire maso aja kutha, sanalolepo kuti dzanja langa ndi lawo zigwirane panjira. Linali lozizira ndi lopepuka. Msewu unawongoka, injini inayamba kulira kufuna giya ina. Sindinasinthe. Njinga zinkatipitirira. Mwana kumbuyo sanafunse. Tinayenda choncho mpaka pa tala.

Anamwalira kuchipatala sabata yomweyo, m'mawa, ine nditapita kukawagulira phala.

Bokosi silikanalowa m'galimoto yanga. Linabwera pa lole. Ine ndinkatsata pambuyo. Tisananyamuke anyamata ankaika masamba pa magalimoto kuti anthu panjira adziwe kuti ndi maliro. Wina anafuna kusomeka nthambi kuseri kwa lamba wakumanzere, akumukanula ndi chala. Ndinamulanda nthambiyo ndikukaisomeka pa bampala. Sanamvetse. Sindinafotokoze.

Galimoto inayenda zaka zina, kenako injini inafa. Ili kuseri kwa chigafa, pamiyala. Nkhuku zimaikira pampando wakumbuyo. Malamba akadalipo. Dzuwa linawachititsa mbuu, kupatula wakumanzere, amene m'mphepete mwake mwam'mwamba mukadali mwakuda ndi mosalala, mmene munkadutsa zala. Pansi pa malamba zitseko zinadyeka ndi dzimbiri mbali zonse ziwiri, mwina mpaka kubooka.

Chaka chatha kunabwera munthu wogula zitsulo zakutha. Anaizungulira, akugogoda ndi chala.

"Injini nditenga, ndi magudumu. Zitseko izi zatha. Amene anamata malamba awa analakwitsa, bambo. Amayenera kukhala m'munsimu."

"Ndikudziwa."

"Ndizitenga ngati zitsulo basi."

"Zitseko zisiyeni."

Anatenga injini napita.